Sindinapondepo pa ayezi, nanga timu ya mwana wanga ndingaithandize bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Hamilton, kuno ku Ontario. Mnyamata wawo wa zaka 8 walowa timu ya hockey ya pa ayezi ya U9, ya ana osakwana zaka 9, ndipo pa msonkhano wa makolo anawapatsa pepala loti alembe ntchito imene angagwire mongodzipereka. Akufunsa kuti: "Ine pa ayezi sindinapondepo, malamulo a masewerowa sindiwadziwa. Ndingolemba kuti sindingathe, kapena chilipo choti munthu ngati ine achite?"

Achemwali, pepalalo musalibweze lopanda kanthu. Matimu ambiri a ana kuno ku Canada amayenda chifukwa cha makolo osalipidwa. Kochi amene mumamuona ndi wezulo pakamwa uja nthawi zambiri ndi bambo wa mwana wina, waweruka kuntchito n'kubwera molunjika ku rink, bwalo la ayezi losewererapo. Ntchito zofuna munthu wodziwa kutsetsereka pa ayezi ndi za kochi ndi omuthandiza basi, ndipo iwowo amachita maphunziro a Hockey Canada asanayambe. Zimenezo zisiyeni kaye. Zina zonse zimagwirika mutavala nsapato zanu zomwe mwabwera nazo.

Pali manijala wa timu. Ameneyu ndiye amasunga ndandanda ya masewero, kutumiza mauthenga kwa makolo nthawi ikasintha, kutolera ndalama za mpikisano, kusungitsa malo ku hotelo, ndi kuonetsetsa kuti majuzi abwerera chaka chikatha. Ngati munasungapo thumba la banki mkhonde kapena la amayi a kutchalitchi, ntchito imeneyi siingakuvuteni. Imadya nthawi yambiri pafoni, osati pa ayezi. Palinso woyendetsa wotchi, amene amakhala m'kabokosi ka pambali pa bwalo. Ku U9 ana amasewera pa theka la bwalo kuti aliyense azikhudza puck (kamphira kakuda kophwatalala kamene amasewerera m'malo mwa mpira) pafupipafupi, ndipo belu likalira gulu lina limatuluka, lina n'kulowa. Akakula mpamene mumayamba kuwerengera mphindi 2 za wolakwa amene wamutulutsa woyimbira. Masewero awiri okha mwaidziwa kale.

Koma mutandifunsa ine, ndingakuuzeni kuti mulembe trainer. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zingapo pa timu ya mwana wanga, ndipo palibe ina imene ndimailemekeza kuposa iyi.

Dzinalo lisakusokonezeni, trainer saphunzitsa masewero. Ndi munthu woyang'anira chitetezo cha ana. Kuno ku Ontario mumachita maphunziro a ma trainer a hockey otchedwa HTCP, ndipo gawo loyamba mutha kulimaliza pa intaneti muli pakhomo. Mukatero mumasunga mafomu a zaumoyo a mwana aliyense, kudziwa amene ali ndi mphumu ndi amene mtedza umamuwenga, kunyamula chikwama cha chithandizo choyamba, ndi kugwirizana ndi makolo ena masewero asanayambe kuti ngozi itachitika ndani aimbe 911, ndani akadikire ambulansi pakhomo. Mumayang'ananso zovala: helemeti yomanga bwino pachibwano, ndi kansalu kolimba koteteza khosi. Ana amadana nako kansalu kameneka, amati kamayabwa, ena amakabisa m'chikwama. Koma skate, nsapato yotsetserekera pa ayezi ija, kunsi kwake ndi mpeni. Mu October 2023 Adam Johnson, wosewera wa Nottingham Panthers, anamwalira ku Sheffield skate itamucheka pakhosi. Ine mwana wopanda kansaluko sindimulola kutuluka m'chipinda chovalira, kaya alire.

Chovuta kwenikweni ndi kuvulala kwa m'mutu. Tsiku lina Loweruka m'mawa, mnyamata wina wa timu yathu anaterereka n'kukagunda mutu pa khoma la bwalo. Anadzuka yekha, anabwera pa benchi akunena kuti ali bwinobwino. Nditagwada n'kumuyang'ana m'maso, ndinaona akutsinzinira magetsi, ndipo nditamufunsa kuti tikusewera ndi timu iti, anayankha mochedwa. Ndinamuuza kochi kuti mwanayu salowanso. Bambo ake anali kuseri kwa galasi akugogoda, nkhope itafiira, poti masewero anali ofunika ndipo mwana wawo ndiye ankagoletsa. Mtima unandigunda, koma ndinamuvula magolovesi mwanayo n'kumukhazika pambali panga mpaka mapeto. Sanabwererenso pa ayezi kufikira dokotala atamuona n'kulemba kalata.

Pa zimenezi lamulo lili kumbali yanu. Mu 2018 Ontario inakhazikitsa Rowan's Law, lamulo lokhudza kuvulala kwa m'mutu pa masewero, pokumbukira Rowan Stringer, mtsikana wa zaka 17 wa ku Ottawa amene anamwalira mu 2013 atagundidwa m'mutu kangapo m'masiku ochepa akusewera rugby. Ankamva mutu kupweteka koma sanauze akuluakulu, anapitiriza kusewera. Mwana safuna kukhumudwitsa anzake, kochi maso ake ali pa zigoli, kholo likuona mwana wake yekha. Pamafunika munthu mmodzi pa benchipo amene sakuwerenga zigoli. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo trainer amakhala mayi wa ana onse a timuyo kwa ola limenelo.

Musanayambe adzakuuzani kuti mupite kupolisi mukatenge Vulnerable Sector Check, pepala losonyeza kuti afufuza mbiri yanu ya milandu musanagwire ntchito ndi ana, komanso mumalize maphunziro a pa intaneti oteteza ana ku nkhanza, monga a Respect in Sport. Abale athu ena obwera kumene amakhumudwa, amaona ngati akuwaganizira zoipa. Ayi, aliyense wokhala pa benchi amadutsa momwemo, ndipo chifukwa chake ndi chowawa. Sheldon Kennedy, amene anasewerapo mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, anaulula mu 1996 kuti kochi wake Graham James ankamuchita nkhanza zogonana ali wachinyamata, ndipo James anamangidwa. Kennedy yemweyo ndi mmodzi wa amene anayambitsa Respect in Sport. Mudzamvanso za Rule of Two: wamkulu asakhale yekha ndi mwana, kaya m'chipinda chovalira, kaya m'galimoto, ngakhale pa mauthenga a pafoni. Litsateni ndendende, limateteza ana komanso inu nomwe. Kupolisiko pitani msanga, pepalalo limatha kutenga masabata angapo, ndipo mupemphe kalata ya bungwe la timu yosonyeza kuti ndinu wodzipereka, poti kawirikawiri imachepetsa mtengo.

Ngati chaka chino mukuona kuti trainer yakukulirani, yambani ndi zingwe. Ana a zaka 7 ndi 8 zala zawo sizingakoke zingwe za skate kuti zithine, ndipo skate yolobodoka imapinditsa kakolo. Fikani mphindi 30 masewero asanayambe, gwadani, ikani phazi la mwana pakati pa maondo anu, kokani kuyambira kumunsi mpaka kumwamba. Pofika mwana wachisanu zikhatho zimakhala zikuyaka. Ndi m'chipinda mmenemo momwe ndinaphunzirira mayina a ana onse, ndi momwe makolo ena anayambira kundilankhula ngati mnzawo, pamene kale tinkangogwedezerana mitu. Mnyamata wanu nayenso adzasangalala kuona amayi ake m'katimo, makamaka ngati ali yekha wakhungu lakuda pa timupo monga analili wanga.

Ndipo muzivala masokosi awiriawiri ndi jekete lalitali. Pa benchi pamazizira kuposa pamene pamakhala oonerera, chisanu chimalowera kumapazi.