Nsagwada zothyoka ndi malamulo a pamsewu

Achimwene, pepani ndi za mphwanu amene wathyoka nsagwada pangozi ya mushikashika, tigalimoto tating'ono tonyamula anthu popanda chilolezo tija. Mwafunsa ngati malamulo a lamba ndi chisoti amathandizadi, kapena ndi podyera apolisi basi. Amathandiza ndithu, koma pokhapo pamene anthu akuwatsatira.

Ku Britain lamulo loti okhala kutsogolo azimanga lamba linayamba mu 1983. Ovulala kumaso pangozi za galimoto anachepa, mpaka ndewu, makamaka za kumowa, ndi zimene zinatsogola pothyola anthu nsagwada. Chifukwa chake n'chosavuta. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, munthu wopanda lamba amapitirira yekha, chibwano n'kukamenya chiwongolero, galasi kapena chitsulo cha mpando wakutsogolo. Nsagwada ndi yopindika ngati uta, ndiye kawirikawiri imathyoka pawiri: pamene yamenyedwapo, ndi mbali inayo pafupi ndi khutu.

Kuno ku Harare lamulo lilipo, koma taonani Honda Fit yochokera ku Mabvuku m'mawa. Awiri apanikizana pampando wakutsogolo, anayi kumbuyo, wina wapindidwa m'buti. Lamba amange ndani? Dalaivala amangomukoleka paphewa akaona apolisi, akadutsa wachotsa. Za m'kombi, maminibasi aja, ndiye tisanene. Anyamata a njinga zamoto nawonso ambiri amavala kachisoti kapamwamba pokha, chingwe chili lendelende. Kameneko n'kopusitsira wapolisi. Chimene chimateteza nsagwada ndi chisoti chotseka mpaka kuchibwano, chomangidwa bwino.

Komanso tisamangoloza galimoto. Madokotala a kuno amene anafufuza za odwala otere zaka zapitazo anapeza kuti ambiri anachita kumenyedwa. Chibakera cha pamowa Loweruka usiku lamulo la pamsewu silingachiletse, ngakhale apolisi ataima pakona iliyonse.

Za mnyamatayo, ngati ali kuchipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuja timati ku Gomo, adzamumanga mano ndi mawaya kwa masabata 4 mpaka 6, kapena kumuika tizitsulo pafupa. Akamangidwa mawaya, sadza (nsima) aiwale kaye. Mumukonzere phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka, mahewu ndi msuzi wosefa, chifukwa anthu otere amaonda msanga. Azitsuka m'kamwa akangotha kudya, fodya ndi mowa asiye. Mufunsenso adokotala chochita akafuna kusanza, poti kukamwa kuli kotseka munthu angathe kutsamwa.

Amene anali nawo m'galimotomo n'kubwerera kunyumba akuti ali bwino, afunseni ngati mano awo akulumana monga kale. Ngati sakulumana, kapena mlomo wam'munsi wachita dzanzi, apite akajambulidwe X-ray sabata yomwe ino. Fupa likagwirana mokhota, madokotala amachita kulithyolanso kuti aliwongole.