Bwanji kanema wanga akudumphadumpha?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Kasungu. Ndinamva kuti mafilimu amayenda pa 24 fps (zithunzi 24 pa sekondi), ndiye ukwati wa mwezi watha ndinaujambula pa 30 ndi kamera yanga ya Canon, kenako pa kompyuta ndinautsitsa kufika pa 24. Zatuluka zochititsa manyazi: pa perekaniperekani anthu akuvina modumphadumpha, ndipo mu holo chithunzi chikuphethira. Eni ukwati akudikira. Ndalakwa pati?
Wojambula, Kasungu

YANKHO: Achimwene, kompyuta yangochita zomwe munaituma. Kamera inkatola zithunzi 30 pa sekondi, inu mwati zitsale 24, ndiye pa zithunzi zisanu zilizonse yataya chimodzi. Taonani dzanja la mayi amene akuponya ndalama m'lichero: likuyenda bwinobwino, kenako lalumpha pang'ono, ndipo kulumphako kukuchitika ka 6 pa sekondi. Diso silinamizika.

Za ukwati uwu musavutike. Bwererani ku mafayilo oyamba, pulojekiti muiike pa 30, mutulutsenso pa 30 pomwepo. Apongozi sadzakufunsani za fps. Mu pulogalamu yokonzera makanema ya DaVinci Resolve muli Optical Flow, imene imapeka zithunzi zapakati, koma pa gule wothamanga imapinda manja ndi zitenje ngati zasungunuka. Ine pa ukwati sindiikhudza.

Ulendo wina 24 muiiwale, jambulani pa 25. Magetsi a kwathu kuno ndi a 50Hz, ndipo mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi ngakhale maso athu saona. Za 30 ndi 60 n'za ku America, komwe magetsi ndi a 60Hz. N'chifukwa chake holo ija ikuphethira. Lowani mu menyu ya kamera, musinthe kuchoka pa NTSC (ya ku America) kupita pa PAL (ya kwathu kuno), 25 ndi 50 zitulukira. Pakati pa 24 ndi 25 palibe angasiyanitse. Ma TV a PAL akhala akuonetsa mafilimu a 24 pa 25 kwa zaka zambiri, anthu osadandaula.

Koma chimene mukuchifuna kwenikweni, kaonekedwe ka filimu, chagona pa shutter, nthawi imene kamera imatsekuka kuti itole chithunzi chimodzi. Pa 25 fps ikani 1/50 ya sekondi ndipo musaisunthe. Pamenepo chilichonse choyenda chimachita kachimbuuzi pang'ono, ndipo kachimbuuzi kameneko n'kamene kamalumikiza chithunzi ndi chinzake. Vuto ndi dzuwa la Okutobala. Mukaisiya pa auto panja pa tchalitchi, kamera imathamangira ku 1/2000, chithunzi chilichonse n'kuuma gwa, mkwatibwi n'kumayenda ngati chidole. Mankhwala ake ndi ND filter, magalasi akuda ovalika pa lenzi. Gulani yosinthika, yolingana ndi kukula kwa lenzi yanu. Kunena zoona, ndalama imeneyi imathandiza kuposa kuthamangira gimbal, chogwirira kamera kuti isagwedezeke.

Potembenuza kamera dekhani: munthu atenge masekondi ngati 7 kuchoka mbali ina ya chithunzi kufika mbali inayo. Pomwe mukufuna kudzachedwetsa, monga polowa akwati, jambulani pa 50 ndi shutter 1/100, ndipo mudzatsitse liwiro ndi theka.

Ngati wina akukuthandizani ndi foni, makanema akewo ayambe adutsa mu pulogalamu ya HandBrake, ndi yaulere, musankhe Constant Framerate. Mafoni amasinthasintha liwiro okha, ndipo pofika pa malonje a ankhoswe mudzapeza milomo ndi mawu zasiyana.