Dzenje lomwetsa madzi silingathandize pa dambo: yankho kwa Amayi a kumunsi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a konkuno ku Chipata, amene anamanga m'mphepete mwa dambo lotsikira ku mtsinje wa Lunkhwakwa. Akuti mvula ikangokhazikika, pabwalo pamasanduka dziwe, makoma amanyowa mpaka m'mawondo, ndipo penti ikusupuka. Anakumba dzenje lomwetsa madzi n'kuthiramo miyala, koma limadzaza osaphwa. Aneba akumunsi nawonso amanga mpanda wa njerwa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndikumbe lina lakuya kuposa ili?"

Amayi, musakumbe. Ndalamazo sungani.

Inenso ndinagwa m'mbuna yomweyo. Mmisiri amene anandimangira nyumba anandilimbikitsa kukumba dzenje lakuya mamita awiri. Mu Febuluwale ndinavundukula chivindikiro, ndinapeza madzi ali phaa mpaka kukamwa, achule ataikiramo mazira, chonsecho mvula inali itakhala masiku anayi osagwa. Madziwo sanachokere padenga ayi. Anatumphuka pansi.

Dambo ndi mmene lilili. Madzi amene amalowa m'nthaka kumtunda, ku Kanjala ndi mapiri ena otizungulirawa, amayenda mobisika n'kudzatulukira kumunsi. Dothi lakenso ndi makande, lakuda lomata lija, limene limang'aluka mu Okutobala moti mungalowetse dzanja, koma likanyowa limafufuma n'kutsekeka ngati mbiya. Dzenje lomwetsa madzi limagwira ntchito pa katondo kapena pa mchenga. Pa makande mwangokumba chitsime.

Yesani nokha. Mvula ikapuma, kumbani kadzenje kofika m'chiuno pafupi ndi nyumba, muvundikire ndi lata, mukaone mawa lake. Mukapeza madzi, dziwani kuti mukulimbana ndi madzi apansi. Amenewa sathawitsidwa, amangopatsidwa njira. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba, motalikirako ndi maziko, izungulire n'kutsikira kumunsi. Pansi pake muyale paipi yobooledwa timabowo, muikwirire ndi miyala yophwanya, ndipo pakati pa dothi ndi miyalayo muyale masaka kapena nsalu yopangidwira ntchito imeneyi, kuti matope asatseke. Itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse. Apa musakhulupirire maso. Mmisiri abwere ndi chingwe ndi levulo. Ndaona ngalande zambiri zokongola, zopaka simenti bwinobwino, zikubwezera madzi pakhomo.

Madzi apadenga anthu amawaderera. Werengani nane. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 30 ya madzulo amodzi, limakhetsa malita 3,000. Amenewo ndi madiramu 15 a malita 200, onse kukhuthukira m'tsinde mwa khoma. Ndipo kuno timalandira pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Choncho ikani magata, timingalande tolandira madzi m'mphepete mwa denga, madziwo alowe m'thanki kapena m'diramu, osefukirawo apite ndi paipi mpaka kungalande. Kuzungulira nyumba muwake kakhonde ka simenti kotambalala mita imodzi, kopendekera kunja. Izi zokha zimaumitsa makoma ambiri. Ngati akunyowabe, mwina omanga sanayale pulasitiki pa maziko, ndiye penti yatsopano ingokhala kudyetsa khoma ndalama.

Nkhani yovuta ndi mpanda uja. Madzi alibe malire a puloti. Aneba anu atseka njira imene madziwo akhala akudutsa kuyambira kale, ndipo mpanda wawo womwewo uli pangozi, chifukwa njerwa sizipirira kukankhidwa ndi dziwe. Yambirani pamenepo pokambirana, osati pa mlandu. Apempheni asiye mabowo m'munsi mwa mpanda, mugwirizane ngalande imodzi yodutsa m'malire mpaka kumsewu kapena kumtsinje. Zikakanika pitani kwa atcheyamani a m'dera, kenako kwa khansala ndi ku Chipata City Council. Chimene simuyenera kuchita ndi kuboola mpandawo usiku, kapena kuthira zinyalala za njerwa m'dambo kuti mukweze puloti. Mukatero madzi angosamukira kwa wina, komanso madambo amatetezedwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, limene a ZEMA, bungwe la boma loona zachilengedwe, amayang'anira.

Kumtunda kwa puloti bzalani mzere wa udzu wa vetiva mopingasa, uchepetse liwiro la madzi ndi kugwira dothi. Nthochi kumunsi zimakondwa ndi chinyontho. Bulugamu musamuyandikitse kunyumba. Pa makande mizu yake imaumitsa dothi mbali imodzi, khoma n'kung'aluka.

Simunatchule chimbudzi, koma ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Ngati ndi chokumba, madzi amene akudzaza dzenje lanu akudzazanso icho, ndipo akuyenda kulowera kuchitsime. Tonse tikukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Pa dambo chimbudzi chimafunika chokwezedwa pamwamba, chowakidwa mkati, chotalikira mamita 30 kuchokera kuchitsime. Ngati malo sakulola, madzi akumwa muzitunga pampopi wa kampani ya madzi ya Eastern Water, apo ayi muzithira klorini tsiku lililonse.

Ngalande ndi khonde mudikire nazo Meyi kapena Juni, dothi litauma pang'ono koma lisanalimbe. Panopa, mvula ikamagwa, valani majombo muzungulire puloti, mukhome zikhomo monse mmene madzi akudutsa ndi pamene akuima. Dzenje lakale lija likwirireni sabata ino, lisanamize mwana.