Mvula ya ku Glasgow siiusidwa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene anafika ku Glasgow, ku Scotland, mu Sepitembala kudzachita digiri yachiwiri. Akuti Loweruka lililonse amakonza zokaona mzinda, koma akatsegula katani amapeza kunja kukuwaza, basi n'kubwerera m'bulangete. Miyezi iwiri yatha, njira yomwe akuidziwa ndi ya kukalasi ndi ya kusitolo. Ndiye akufunsa kuti tsiku la mvula munthu angapite kuti, nanga angadye chiyani osapha thumba.

Achemwali, vuto lanu ndi loti mukuusa mvula. Kwathu imabwera ndi mkokomo, timathawira pakhonde la golosale, ikakata n'kumapitirira. Ya kumeneko siikata. Ndi chiperoni cha ku Thyolo chomwe chaiwala kubwerera kwawo. Mukati mudikire kuche bwino, mudzavala gauni musanaone mtsinje wa Clyde. Komanso mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho tulukani m'mawa.

Ambulera musataye nayo ndalama. Yanga yoyamba mphepo inaitembenuza ngati nkhuku yonyowa ndisanadutse msewu wachiwiri, ndinafika kukalasi nditagwira mawaya okhaokha. Gulani jekete losalowa madzi lokhala ndi chisoti, ndi nsapato zachikopa. M'masitolo a kaunjika a mabungwe achifundo zimapezeka zotchipa.

Koyambira ndi ku Kelvingrove. Ndi chinyumba chofiira chosungiramo zakale ndi zojambula, anachitsegula mu 1901, ndipo kulowa n'kwaulere. Mukafike cha m'ma 12, muzungulireko pang'ono, kenako 1 koloko ikamayandikira mukapeze mpando m'holo yapakati. Nthawi imeneyo, kupatula Lamlungu, amaimba limba lalikulu lomwe lili pamwamba, mapaipi ake aatali kuposa munthu. Ine tsiku loyamba ndinakhala pamenepo masokosi ali chinyowere, ana akuthamangathamanga, agogo ena akuodzera pambali panga, limba likugwedeza pansi. Ndinakumbuka kwathu kutchalitchi, misozi n'kulengeza. Mukatero mukaone Sir Roger, njovu ya ku Asia yomwe anaiumika, ndi ndege yankhondo ya Spitfire yolendewera kudenga pamwamba pake. Njovuyo makutu ake ndi aang'ono, wa ku Liwonde aliyense angaiseke.

Zina zaulere zilipo. Hunterian, nyumba inanso yosungiramo zakale, ili mkati mwa yunivesite ya Glasgow, Riverside ili ndi magalimoto ndi sitima zakale. Koma ine kuzizira kukandilowa m'mafupa ndinkathawira m'nyumba zamagalasi za ku Botanic Gardens, kumene amasunga zomera za kumaiko otentha. Mumalowa, mpweya wofunda n'kukumenyani kumaso, fungo la dothi lonyowa, masamba a nthochi. Theka la ola mmenemo limachiza. Poyenda kwerani sitima yapansi panthaka, yomwe inayamba mu 1896. Ili ndi masiteshoni 15 ndipo imangozungulira, ndiye kusochera n'kovuta. Lamlungu lokha imaweruka msanga, cha m'ma 6 madzulo.

Loweruka lina mudzakwere sitima pa Glasgow Central kupita ku Blantyre. Ee, Blantyre weniweni, amene wathu anatengerako dzina mu 1876. Ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 20. Kumeneko kuli nyumba yomwe David Livingstone anabadwiramo mu 1813, banja lonse m'chipinda chimodzi, iye n'kuyamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Pamenepa amalipiritsa, koma Mmalawi sayenera kubwerako ku Scotland asanapondepo. Mukawauza kuti ndinu wa ku Malawi, konzekani kucheza.

Tsopano za kumimba. Chakudya cha tsiku la mvula ndi supu, ndipo anthu akumeneko supu amaidziwa. M'tiresitilanti ting'onoting'ono funsani supu wa tsikulo, amabwera ndi buledi, ndipo nthawi zambiri ndiye chotchipa pa zonse zotentha. Amene ndimamusowa mpaka lero ndi cullen skink: nsomba yowamba, mbatatesi, anyezi ndi mkaka. Poyamba ndinanyinyirika, nsomba mu mkaka? Nditalawa, utsi wake unandifikitsa pa mlamba wowamba wa ku Kachulu. Haggis musamuope. Ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogayidwa pamodzi ndi oats ndi tsabola. Ife odya zam'kati pa chiwaya tilibe chifukwa chochitira manyazi. Nsomba ndi tchipisi amati fish supper, ngakhale mugule masana, ndipo mbale imodzi imakwanira anthu awiri ngati mnzanuyo si wadyera. Malo a pafupi ndi kumene alendo amadzaza amadula. Lowani kumene mukuona ovala zantchito ali pamzere. Ndipo kulikonse muzitulutsa khadi ya sukulu n'kufunsa ngati amachotserako ophunzira, ambiri sanena okha.

Langizo langa ndi loti musadzaze tsiku. Malo amodzi, chakudya chotentha chimodzi, kwatha. Mukafuna kuona zinayi mudzathera nthawi panjira mukunyowa, n'kudana nawo mzindawo pachabe. Muitanenso mnzanu wa m'kalasi, chifukwa munthu amene walonjeza kukumana ndi wina pasiteshoni sabwerera m'bulangete.

Pobwerera mudzadutse pa sitolo ya zakudya za ku Africa mugule ufa, ambiri amakhala wa ku South Africa, nsima yake imatheka ndithu. Nsapato zonyowa muziike nyuzipepala mkati, muzisiye pafupi ndi hita osati pamwamba pake. Zanga ndinaziika pamwamba, m'mawa ndinapeza zakakamala ngati chikopa cha ng'oma.