Ola la ana lija linapita kuti?

Achemwali ena a ku Leeds anditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 6 amangokhalira YouTube, ndipo amuna awo, omwe anakulira kuno ku Britain, sasiya kudandaula kuti mapulogalamu a ana a masiku ano ndi zinyalala, enieni anali akale. Akufunsa ngati n'zoona kapena ndi ukalamba chabe, komanso kuti mwanayo azimuonetsa chiyani.

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Kunena zoona maliro amenewa si anga, chifukwa ine ndinakula popanda TV. Kwathu TVM inayamba mu 1999 ine ndili ndi mwana kumsana. Koma ndimalira nawo ndithu.

Tinafika kuno mu 2004 mwana wanga ali ndi zaka 5, Chingerezi chake chili cha moni basi. Ndinkagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba, ndiye masana ndikakamutenga kusukulu maso ankakhala ali psuu ndi tulo. Tikafika ndinkangotsegula BBC One, n'kumupatsa tiyi ndi buledi, ine n'kudziponya pasofa. Kuyambira 3 koloko itadutsa mpaka cha m'ma 5, tchanelo chachikulu cha dziko lonse chinali cha ana. Ndinkasinza, koma khutu limodzi likumva. Za tsunami ya mu December chaka chomwecho anandifotokozera ndi iyeyo, atazimva pa Newsround, nkhani za ana zija zomwe zinayamba mu 1972 ndi John Craven. Kamwana koti miyezi ingapo m'mbuyomo sikankatha kupempha madzi kwa aphunzitsi!

Nanga Blue Peter, pulogalamu ya ana ya BBC yomwe inkawaonetsa kupanga zinthu ndi manja. M'nyumba mwathu simunkatayidwa katoni ya pakati pa tishu kapena botolo la sopo wotsukira mbale, zonse zinali "zofunika". Tsiku lina ndinapeza sopo yense atakhuthulidwira m'kapu kuti botolo lisanduke roketi. Ndinakalipa, kenako ndinakumbukira alongo anga akusakasaka mawaya opangira galimoto, ndipo mkwiyo unangothera pomwepo. Mwana wangayo ali ndi zaka 7 anajambula nyanja ya Malawi, bwato ndi asodzi ake, n'kutumiza ku Blue Peter ndi kalata. Patapita masabata angapo kunabwera envelopu muli baji. Anagona nayo.

Ndiye amuna anu akunena zoona, koma musawauze kuti ndavomera zonse. Mtima umasankha zokumbukira. Azungu anzanga akuntchito amatchula pulogalamu ya ana ya Bagpuss ngati anali nayo ubwana wonse, chonsecho zigawo zake zinali 13 zokha, za mu 1974, ankangozibwereza. Zotopetsa zinaliponso zambiri, kungoti palibe amazitchula.

Chomwe ndimakana ine n'chakuti ana ndiwo anasintha okha. Akuluakulu ndiwo anayamba kuthawa. Lamulo la Communications Act la 2003 linamasula ITV, kampani ya TV yodalira otsatsa malonda, pa udindo woonetsa maola oikika a ana. Mu 2007 Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa, inaletsa kutsatsa zakudya za shuga, mchere ndi mafuta ambiri pa mapulogalamu a ana. Mano a ana anapindula, sindikutsutsa, koma ndalama zomwe zinkalipirira mapulogalamuwo zinauma, ndipo ITV inaona kuti ana alibe phindu. Tchanelo chawo cha ana cha CITV chinatsekedwa mu September 2023. Boma linayesa thumba la ndalama zopangira mapulogalamu a ana, la Young Audiences Content Fund, mu 2019, pofika 2022 linali litatha. Mu 2022 momwemo BBC inalengeza kuti ikufuna tchanelo chake cha ana cha CBBC chidzakhale cha pa intaneti pokha. Ngakhale Blue Peter, yomwe yakhalapo kuyambira 1958, anasiya kuiulutsa pompopompo mu 2025.

Koma chimene chimandiwawa kuposa zonsezi ndi cha kumapeto kwa 2012, pamene BBC inachotsa mapulogalamu a ana pa BBC One n'kuwasiya pa matchanelo a ana okhaokha, CBBC ndi CBeebies. Pa pepala zinali zomveka, nyumba zonse zinali zitalowa dijito. Kwa ine zinali ngati zija timachita kwathu alendo akabwera, ana kadyereni kukhitchini. Nsima ndi yomweyo, koma wamkulu saonanso zomwe mwana akudya. Ine ndikanadziwa bwanji Tracy Beaker, kamtsikana ka m'sewero la ana, ndikanapanda kumupeza pa tchanelo chomwe ndinkadikirapo nkhani za 6 koloko?

Ndipatukeko pang'ono. Floella Benjamin, mayi wobadwira ku Trinidad amene ankasewera ndi zidole pa pulogalamu ya ana ya Play School, lero ali m'nyumba ya House of Lords ndipo akumenyerabe nkhondo mapulogalamu a ana. Ganizirani mwana wachikuda wa m'zaka za m'ma 1970 akuona nkhope imeneyo m'chipinda chochezera. Grange Hill, kuyambira 1978 mpaka 2008, inkaonetsa sukulu yaboma yeniyeni, ndewu zake, ngakhale mankhwala osokoneza bongo. Mwana ankaona basi yake, yunifolomu yake, mvula yake. Mdzukulu wanga, wobadwira ku Leicester, amalankhula ngati wa ku California. Ndipo za pa YouTube zomwe amaonerazo sizitha. Pulogalamu yakale inkatha, nyimbo n'kulira, mwana n'kudzuka. YouTube ikatha ina imayamba yokha, mpaka foni itafa moto kapena mayi atalusa.

Nanga mwanayo?

Zabwino zilipo, kungoti muyenera kuzitsata nokha. Mutsegulireni mbali ya ana pa iPlayer, tsamba la pa intaneti la BBC (pamafunika laisensi ya TV, yomwe inafika £174.50 mu April 2025). Hey Duggee ndi Bluey n'zabwino, Newsround ikadalipo, Horrible Histories adzaipeza akasinkhukako. Aziona pa TV yaikulu, osati pafoni, pa ola limodzi lodziwika, wina wamkulu ali pompo ngakhale akusinza.

Amuna anuwo apatseni ntchito, akhale pansi ndi mwana alembe kalata ku Blue Peter, mabaji akuperekabe. Ya mwana wanga ili m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mapasipoti akale. Mwini wake ali ndi zaka 26, koma nditati ndimupatse mdzukulu anakana.