Lady Macbeth anapengadi, kapena ndi chikumbumtima?

Wophunzira wina wa Fomu 4 watilembera kufunsa ngati Lady Macbeth, mu sewero la Shakespeare la Macbeth, anachitadi misala kapena ankangodzimva wolakwa, komanso momwe angayankhire funsoli pa mayeso.

Mwafunsa bwino, koma musazilekanitse ziwirizi. Misala yake ndi chikumbumtima chomwe anachitsekereza ali maso, n'kudzatulukira m'tulo.

Yambirani pa Act 1 Scene 5. Apa akupempha mizimu kuti imutsekere njira yonse ya chisoni mumtima. Munthu wouma mtima sapempha zotero, chifukwa alibe choti chitsekedwe. Pa Act 2 Scene 2 akuvomera kuti akanaipha yekha Mfumu Duncan, koma nkhope ya mfumuyo ili m'tulo inafanana ndi ya bambo ake. Usiku womwewo, Macbeth atapha Duncan, mayiyu akubweza mipeni kuchipinda cha mfumu, kupaka alonda magazi, n'kuuza mwamuna wake kuti madzi ochepa chabe awatsuka. Akumuchenjezanso kuti kuganizira kwambiri zimene achitazo kuwapengetsa.

Ndiye pitani pa Act 5 Scene 1, pamene pali mtima wa yankho lanu. Dokotala ndi mayi womutumikira akumuona akuyenda ali m'tulo, maso ali chitsegulire. Analamula kuti kandulo izikhala pafupi naye nthawi zonse, iye amene ankaitana mdima kuti ubise mpeni. Amatikita manja mpaka mphindi 15, ndipo akudandaula kuti mafuta onse onunkhira a ku Arabia sangachotse fungo la magazi. Zimene akubwebwetazo si zopanda mutu: magazi ambiri a nkhalamba ija ndi Duncan, mkazi wa Thane (nduna) wa ku Fife ndi Lady Macduff yemwe Macbeth anamuphetsa pamodzi ndi ana ake, Banquo, mnzake wa Macbeth yemwe anamuphetsanso, ali m'manda, ndipo kugogoda pachipata ndi kwa usiku wa chiwembu uja. Chomvetsa chisoni n'chakuti imfa za Banquo ndi banja la Macduff sanazikonze nawo. Macbeth anamubisira za Banquo pa Act 3 Scene 2, komabe mayiyu wazisenza zonse yekha, popanda womuuza. Onaninso kuti apa akulankhula mawu wamba oduladula, pomwe kale ankalankhula mwandakatulo. Dokotala akuti wodwalayu akufunika wansembe kuposa mankhwala, ndipo akulamula kuti amuchotsere chilichonse chimene angadzipweteke nacho.

Ambiri amataya malikisi pa zinthu zitatu. Amalemba kuti Lady Macbeth ndiye anabaya Duncan, pomwe anabaya ndi Macbeth. Amalemba kuti anaona mzukwa wa Banquo pa phwando, pomwe anauona ndi mwamuna wake yekha, iye ali kalikiliki kubisa manyazi pamaso pa alendo. Chachitatu ndi imfa yake. Sitiiona, timangomva kulira kwa amayi, kenako Seyton, mtumiki wa Macbeth, akubweretsa uthenga. Kumapeto Malcolm, mwana wa Duncan, akuti anthu akuganiza kuti anadzipha, choncho inunso lembani kuti "akuganiziridwa", ndipo tchulani kuti wanena zimenezi ndi Malcolm.