Chifunga chakupha m'nkhani zopeka: yankho kwa aphunzitsi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Chingelezi pa sukulu ina ya sekondale, ndipo funso lawo ndakhala nalo masiku angapo chifukwa sindinafune kuliyankha mothamanga. Iwo akuti m'chaka chimodzi chokha akumana ndi chifunga chopha anthu katatu: m'buku limene anabwereka, m'filimu imene anaonera ndi ana awo, komanso m'masewera a pakompyuta amene mwana wawo wachisamba amakonda. Akufunsa ngati umenewu si ulesi chabe wa alembi ongoberana nzeru, ndiponso chifukwa chake chinthu chofewa ngati chifunga, chimene chimabalalika dzuwa likangokwera, chimasanduka chilombo m'nkhani zopeka.

Aphunzitsi, kuberana kulipo ndithu, ndipo ndibwerako patsogolo. Koma chinthu chimene alembi a mibadwo yosiyanasiyana akhala akuchibwereza kwa zaka zoposa 140 sichingakhale ulesi wokha. Ndiyambe ndi zimene thupi limadziwa lisanawerenge buku lililonse. M'mawa wina wa mu Juni ndinali m'minibasi pa msewu wa M1 cha ku Dedza, ndipo chifunga chinatsika mpaka dalaivala sanathenso kuona mzere woyera wa pakati pa msewu. Kondakitala anavula chipewa chake n'kumapukutira galasi cham'kati, wailesi inazimitsidwa, ndipo mayi amene anali kukangana naye za chenji anasiya mawu ake pakati. Nyali za lole zinkaoneka ngati makala awiri ozirala, osadziwika ngati zili kutali kapena zatifikira kale. Palibe chimene chinatichitikira, koma kwa mphindi pafupifupi 20 anthu akuluakulu odzaza galimoto anakhala chete ngati ana. Wolemba nkhani amawadziwa mantha amenewa, ndipo amadziwanso kuti chimene munthu sakuchiona amachijambula yekha m'mutu mwake moopsa kuposa mmene cholembera chingachijambulire.

Pali mantha achiwiri, ozama kuposa a maso. Fisi timamutsekera chitseko, ng'ona timaipewa posayandikira dooko, koma mpweya palibe amene angaukane. Chifunga chikakhala ndi poizoni, munthu amam'lowetsa yekha mdani m'chifuwa mwake, chifukwa kusiya kupuma n'kufanso. Kwa zaka mazana ambiri madokotala a ku Ulaya ankakhulupirira kuti matenda amayenda mu mpweya wonunkha wofuka m'madambo ndi m'zinthu zowola. Ngakhale dzina lakuti malaria, limene azungu amatchulira malungo, linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, ndipo linali litakhazikika kale pamene dokotala wa ku Britain Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897. Choncho owerenga a nthawi imeneyo akaona chifunga chikukwera kuchokera kudambo usiku, sankaona nyengo chabe. Ankaona nthenda ikubwera kumudzi.

Kwawo kwenikweni kwa chifunga cha m'mabuku ndi ku London. Mzindawu unkawotcha malasha m'nyumba iliyonse ndi m'fakitale iliyonse, ndipo utsi wake ukasakanikirana ndi chinyontho cha mtsinje wa Thames pankatuluka chifunga chachikasu, choyabwa kukhosi, chodetsa zovala. Charles Dickens anatsegula nacho buku lake la Bleak House, limene linayamba kutuluka mu 1852, n'kuchiika chochindikala kwambiri pa bwalo la milandu pamene mlandu wa chuma cha masiye unakokedwa mpaka chumacho chinathera m'zolipira za mlanduwo. Mu 1880 William Delisle Hay analemba kabuku kotchedwa The Doom of the Great City, momwe chifunga chimapha anthu a mu London pafupifupi onse. Ambiri akanati wakokomeza.

Ndiyeno panafika Disembala wa 1952. Kunazizira kwambiri, anthu anasonkheza malasha ochuluka a mtundu wotsika wodzaza sulufule, mphepo inaima, ndipo mpweya wofunda unakhala pamwamba pa mzinda ngati chivindikiro cha mphika, moti utsi unasowa kolowera. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala, m'madera ena munthu sankatha kuona mapazi ake. Mabasi anaima, maambulansi anaima, ndipo odwala ankayenera kudzipezera okha njira yopitira kuchipatala. Chifungacho chinalowa ngakhale m'nyumba, kotero kuti sewero la nyimbo la m'nyumba ya zisudzo ya Sadler's Wells linalekezedwa panjira chifukwa oonerera sankaonanso bwino osewerawo. Ng'ombe zina zimene zinabweretsedwa ku chionetsero cha zaulimi zinabanika. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti kunalibe chipolowe kapena kukuwa m'misewu, popeza anthu a ku London anali atachizolowera chifunga. Okalamba, makanda ndi odwala chifuwa ankamwalira mwakachetechete pa mabedi awo, ndipo kukula kwa ngoziyo kunadziwika pamene ogulitsa mabokosi a maliro ndi maluwa anayamba kusowa katundu. Chiwerengero choyamba chinali cha anthu pafupifupi 4,000, koma kafukufuku wa pambuyo pake anachikweza kufika pafupifupi 12,000. Lamulo loteteza mpweya linabwera mu 1956.

Zofanana ndi zimenezi zinali zitachitika kale m'chigwa cha Meuse ku Belgium mu 1930, kumene kunafa anthu pafupifupi 60, ndi ku Donora ku America mu 1948, kumene kunafa 20. Pa 22 Epulo 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pafupi ndi tauni ya Ypres ku Belgium, asilikali a Germany anatsegula mitsuko ya mpweya wapoizoni wa chlorine, ndipo mtambo wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu unakwawa pansi n'kulowa m'maenje momwe adani awo ankabisala. Kuyambira tsiku limenelo anthu anadziwa kuti chifunga chikhoza kutumidwa ndi munthu mnzako. Kuno ku Africa, usiku wa pa 21 Ogasiti 1986, nyanja ya Nyos ku Cameroon inatulutsa mtambo wa mpweya wobanikitsa wa carbon dioxide umene, polemera kuposa mpweya wamba, unatsetsereka m'zigwa n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zikwi zingapo, ambiri ali m'tulo. Zopekazi zili ndi manda enieni kumbuyo kwake.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndiye mutu wa nkhaniyi. M'nkhani zambiri zolembedwa bwino, chifunga sichibwera chokha ngati mvula. Chimakhala ndi mwini wake, ndipo chimanyamula mlandu umene anthu anaukwirira. Mu filimu ya John Carpenter ya 1980 yotchedwa The Fog, tauni ya m'mbali mwa nyanja ikukondwerera zaka 100 chikhazikitsidwire, osadziwa kuti makolo ake anayatsa moto wonyenga pagombe kuti sitima ya anthu akhate iwombe miyala, kenako anatenga golide wawo n'kumangira tauniyo. Chifunga ndi njira imene akufawo akubwerera kudzaitanitsa ngongole. M'buku la James Herbert la 1975, limene lili ndi dzina lomwelo ngakhale nkhani yake ndi ina, nthaka ikung'ambika m'mudzi wina wa m'dera la Wiltshire ku England n'kutulutsa chida chimene asilikali anapanga n'kuchikwirira mwachinsinsi, ndipo aliyense wochipuma akupenga, mpaka anthu a m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Bournemouth akulowa m'nyanja mwaunyinji. Ngakhale chifunga chenicheni cha 1952 chinali chotero, pakuti chinatuluka m'chumuni cha banja lililonse limene linkangofuna kuwotha moto.

Nkhani imene ndimaiona kuti inachigwiritsa ntchito mwaluso kwambiri ndi The Mist ya Stephen King, ya mu 1980, imene inapangidwa filimu mu 2007. Bambo wina ndi mwana wake wamwamuna apita kukagula zinthu m'sitolo yaikulu kutacha usiku wa namondwe, ndipo chifunga chikuwatsekera m'menemo pamodzi ndi anthu ena ambiri. Pali malo amodzi amene sindiwaiwala. Mwamuna wina avomera kutuluka atamangidwa m'chiuno chingwe choyanikapo zovala, ndipo otsala m'kati akuchimasula pang'onopang'ono pamene iye akuzimiririka m'zoyerazo. Chingwe chikuyenda bwino, kenako chikukokedwa mwamphamvu mpaka kuwotcha zikhatho za wochigwira, kenako chikulendewera. Pochikoka, nsonga yake ikubwera itafiira ndi magazi. Wowerenga sanaone chilombo chilichonse pamenepa, koma waona zokwanira. Komabe zoopsa zazikulu za nkhaniyi zili m'kati mwa sitolo, pakuti m'masiku ochepa okha anthu amene dzulo lake ankapatsana moni pa mzere wolipirira ayamba kutsatira mayi wina wolalikira kuti pafunika nsembe ya munthu. Ife amene tinamvapo za okalamba akuphedwa ndi anansi awo powaganizira ufiti maliro akachitika mwadzidzidzi, sitingachiwerenge chigawo chimenechi ngati nthano ya kutali. Chifunga chimawachotsera anthu apolisi, misewu ndi uthenga wa kunja, n'kuwasiya okhaokha ndi mantha awo.

Za masewera a mwana wanu, mwina ndi a m'gulu la Silent Hill, amene anayamba mu 1999. Kumeneko chifunga chinathandizanso pa vuto la makina, chifukwa PlayStation (makina osewerera masewerawo) ya nthawi imeneyo sinkatha kujambula tauni yonse mpaka kutali, choncho opanga anaphimba zakutalizo, ndipo chophimbacho chinakhala chinthu chimene osewera amachikumbukira kwambiri. Apa ndi pamene ulesi umene mukuukayikira umalowera mwa ena. Chifunga n'chotsika mtengo. Wopanga filimu wopanda ndalama zopangira chilombo chooneka bwino amangothira utsi, ndipo wolemba amene sakudziwa mmene angadulire foni ndi msewu kuti anthu ake asathawe amachitanso chimodzimodzi. Ine ndimayesa motere: ndikachotsa chifungacho m'maganizo mwanga n'kuikapo mdima wamba kapena mvula yamkuntho, ndipo nkhaniyo n'kukhalabe chimodzimodzi, ndimadziwa kuti wolembayo anangobwereka katundu wa ena. Koma ngati pochichotsa nkhaniyo ikugwa, chifukwa mlandu wobisikawo wasowa chobwerera nacho, ndiye kuti wolembayo anadziwa chimene ankachita.

Popeza munatchulanso kuti mukufuna buku loti mukambirane ndi ophunzira a Fomu 4 amene amakonda kuwerenga, ndingakulozereni The Buried Giant la Kazuo Ishiguro, la mu 2015, ngakhale kuti Chingelezi chake chimafuna kufatsa. M'menemo chifunga sichibanika munthu ndipo mulibe zikhadabo zotuluka m'kati mwake. Chimene chimachita ndi kuiwalitsa. Agogo awiri okwatirana, Axl ndi Beatrice, anyamuka ulendo wokafuna mwana wawo amene sakumukumbukira bwino, m'dziko la Britain wakale momwe mitundu iwiri ikukhala mwamtendere chifukwa chakuti palibe amene akukumbukira kuphana kumene kunachitika. Chifungacho chinaikidwa dala ndi olamulira, ndipo chikachoka, okalambawo adzakumbukira chikondi chawo pamodzi ndi zolakwa zimene anachitirana, ndipo ana a ophedwa adzadziwa amene anapha makolo awo. Ophunzirawo akafika kumapeto, afunseni ngati iwo akanachichotsa chifungacho kapena akanachisiya, ndipo muwauze kuti aliyense ayankhe ataganiza kaye za Beatrice, kenako ayankhenso kachiwiri ataganiza za mwana wa munthu wophedwa.